Ofesi ina yothandiza kulemba msonkho ku Randburg: zimene imachita bwino ndi pamene imaperewera

Amalawi ambiri amene tikugwira ntchito mu Johannesburg timakumbukira za bungwe lotolera msonkho la SARS pokhapokha uthenga ukalowa pa foni m'mwezi wa Julayi, ndipo nthawi imeneyo m'magulu athu a WhatsApp mumadzaza manambala a anthu odzitcha akatswiri amene amalonjeza kuti akubwezetserani ndalama zambiri. Ofesi imene ndikuunika pano si ya anthu oterowo. Ili m'chipinda chapamwamba pa nyumba ina yamalonda ku Randburg, pafupi ndi pokwerera mataxi, ndipo imayendetsedwa ndi mayi wina wa kuno ku South Africa amene ndi akauntanti wolembetsedwa, mothandizidwa ndi mtsikana wa ku Mzimba amene amalankhula Chichewa ndi Chitumbuka. Dzina la ofesiyi sindilitchula chifukwa ndinena ndi zolakwika zake zomwe, koma ofesi za mtundu umenewu zilipo zambiri ku Randburg, ku Mayfair ndi ku Kempton Park, choncho zimene ndalemba zingathandize munthu poyeza ina iliyonse.

Ndinapitako ndi alamu anga chifukwa cha msonkho wa chaka cha 2025, chimene kwa SARS chinayamba pa 1 Malichi 2024 ndi kutha pa 28 Febuluwale 2025. Ine ndimalandira malipiro a pamwezi odulidwa kale msonkho wa PAYE, ndiponso ndili ndi nyumba ya lendi ku Area 25 ku Lilongwe. Alamu anga amayendetsa galimoto yonyamula anthu kudzera pa Bolt, ndipo alibe bwana wowadula msonkho. Tisanakhale n'komwe pansi, mayiyo anatisonyeza nambala yawo ya PR, imene SARS imapereka kwa olembera anthu msonkho, ndi chikalata cha bungwe la SAIT. Zimenezi si zokongoletsa khoma chabe, popeza lamulo la Tax Administration Act la 2011 limafuna kuti aliyense wolembera anthu msonkho molipiritsa akhale wolembetsedwa ku SARS komanso ku bungwe lovomerezeka lomuyang'anira, monga SAIT, SAIPA kapena SAICA. Sanatipemphenso password ya eFiling, njira ya pa intaneti yolembera msonkho ku SARS. Anatumiza pempho kuchokera pa akaunti yawo, ine ndinalivomereza pa foni yanga, ndipo akaunti ya kubanki yolandirira ndalama inakhalabe yanga.

Chimene ndinalipirira kwenikweni si kudzaza fomu ya msonkho wa pachaka ya ITR12, pakuti manambala ambiri amakhala atalowamo kale kuchokera pa IRP5 (chikalata cha abwana choonetsa malipiro ndi msonkho wodulidwa), ku medical aid ndi kumabanki. Ntchito yeniyeni inali pa mafunso atatu oyambirira, amene anthu ambiri amangowayankha mothamanga: ngati munthu amawerengedwa kuti ndi wokhala m'dziko muno pa nkhani ya msonkho, mtundu wa ukwati wake, ndiponso ngati ali provisional taxpayer (wolipiriratu msonkho chaka chisanathe) kapena ayi. Ku South Africa mwamuna ndi mkazi salemba fomu imodzi monga zimachitikira ku America. Aliyense amalemba yake ndipo amadulidwa payekha. Komabe mayankho a mafunso atatuwa ndi amene amaonetsa zoyenera kulembedwa ndi nthawi yake, ndipo mayiyo ananena mosabisa kuti mayankhowo sasankhidwa potengera amene akubweza ndalama zambiri, koma amachokera pa mapepala ndi pa moyo umene munthu akukhala.

Funso loyamba ndi limene linatenga nthawi yaitali, ndipo m'pomveka. Mmalawi aliyense mukamufunsa kwawo adzakuuzani mudzi, mfumu ndi boma, ngakhale atakhala ku Joni zaka makumi awiri. SARS ili ndi miyeso iwiri. Woyamba umayang'ana kumene munthu amabwerera mwachibadwa akatha maulendo ake, kumene kuli banja lake, katundu wake ndi moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Wachiwiri sufunsa za mtima, umangowerenga masiku: munthu akakhala m'dziko muno masiku oposa 91 m'chaka cha msonkho chimenecho, masiku oposa 91 m'chaka chilichonse mwa zaka zisanu zapitazo, ndiponso masiku oposa 915 akaphatikiza zaka zisanuzo, ndiye kuti ndi wokhala muno, kaya ali ndi chitupa chogwirira ntchito, chitupa chokhalitsa kapena pasipoti ya Malawi yokha. Mtsikana wa ku Mzimba uja anatenga pasipoti yanga, natsegula masamba a zidindo za pa Beitbridge ndi za pa bwalo la ndege la OR Tambo, n'kumalemba masiku otuluka ndi olowa pa pepala. Nditanena kuti kwathu ndi ku Dedza ndipo ndidzabwerera, iye anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, zimenezo n'zoona, koma ana anu akuphunzira kuno ndipo mayi akunyumba ali kuno. Tchuthi cha Khirisimasi sichikuchotsani m'kaundula."

Zotsatira za yankho limeneli ndi zazikulu. Kuyambira m'chaka cha 2001, wokhala mu South Africa amadulidwa msonkho pa ndalama zimene wapeza kulikonse padziko, pamene amene si wokhala muno amadulidwa pa zimene wapeza muno zokha. Izi zikutanthauza kuti lendi ya ku Area 25, ngakhale imalowa mu akaunti ya ku Lilongwe ndipo mbali yaikulu imathera pa fizi ya ana a mchemwali wanga, iyenera kuonekera pa ITR12 itasinthidwa kukhala marandi. Mayiyo anafotokoza kuti zimenezi sizitanthauza kulipira kawiri, chifukwa msonkho umene munthu walipira ku MRA pa lendi yomweyo umachotsedwa pa wa kuno malinga ngati ali ndi umboni wake, komanso mayiko awiriwa ali ndi pangano lopewa kudula msonkho kawiri kuyambira 1971. Anatichenjezanso za auto-assessment, kalata ya msonkho imene SARS imawerengera yokha munthu asanalembe fomu, imene inatumizidwa pakati pa 7 ndi 20 Julayi 2025. Kompyuta ya SARS imawerengera zimene abwana ndi mabanki a muno aiuza, ndipo lendi ya nyumba ya ku Lilongwe siidziwa. Munthu akangokhala chete amatengedwa kuti wavomera, ndipo udindo wa zimene zasiyidwa umakhala wake. Pa chifukwa chomwecho, lamulo lakuti wolandira ndalama zosapitirira R500,000 pachaka kwa bwana mmodzi sayenera kulemba fomu silinandikhudze ine, popeza limagwira ntchito kwa amene alibe ndalama zina zapadera monga lendi.

Pa funso la ukwati ndi pamene ndinaona kuti ofesiyi ndi yoona mtima, komanso ndi pomwepo pamene nzeru zake zinayamba kuchepa. Fomu imafuna kudziwa ngati munthu ali pa ukwati wa in community of property, umene katundu yense ndi ngongole zonse zimakhala za onse awiri, kapena wa out of community of property, umene aliyense amakhala ndi zake. Pa ukwati wa mtundu woyamba, malipiro a kuntchito ndi phindu la bizinesi zimakhalabe pa fomu ya amene wazigwirira ntchito, koma lendi ndi chiwongoladzanja cha kubanki zimagawidwa pakati, theka kwa mwamuna, theka kwa mkazi. Mayiyo anatilembera chitsanzo pa bolodi. Banja likapeza phindu la R60,000 pa nyumba ya lendi, mwamuna ali pa mlingo wa 31 peresenti ndipo mkazi sagwira ntchito, R30,000 imasamukira kwa mkazi, amene sadulidwa kanthu chifukwa sanafike pa R95,750 pamene msonkho unkayambira m'chaka cha msonkho cha 2025 kwa osakwana zaka 65. Banjalo limapulumutsa R9,300. Chimodzimodzinso chiwongoladzanja cha R40,000: chikakhala cha munthu mmodzi, R23,800 yokha ndi imene imakhululukidwa ndipo R16,200 imadulidwa, koma chikagawidwa pawiri aliyense amakhala ndi R20,000, imene yonse ili pansi pa malire.

Munthu akaona manambala amenewa mtima umathamangira kudina bokosi loyamba, ndipo ndamvapo kwa anzathu kuti olemba msonkho ena amadina bokosilo kwa aliyense wovala mphete. Mayiyo anakana. Anati ukwati womangidwa muno popanda chikalata cha antenuptial contract, pangano la katundu limene awiriwo amasainirana asanakwatirane, ndi umene umagwera mu in community of property pawokha, ndipo ukwati wa mwambo wa mkazi mmodzi nawonso umatero pansi pa lamulo la Recognition of Customary Marriages Act la 1998. Koma ife tinachita chinkhoswe ku Dedza ndi kudalitsa ukwati mu mpingo wa CCAP tonse tikukhala ku Malawi, choncho za katundu wathu zimatsatira lamulo la ku Malawi, kumene ukwati pawokha susandutsa katundu yense kukhala wogawana pakati ndi pakati. Anadina bokosi lachiwiri, nati ngati ndikufuna loyamba ndibweretse kalata ya loya wodziwa malamulo a mayiko onse awiri. Anakumbutsanso kuti SARS imayerekeza mayankho amenewa ndi kaundula wa Home Affairs, ndipo chilango cha kuchepetsa msonkho mwadala chimatha kufika pa 200 peresenti ya msonkho umene wazembedwa. Kwa alamu anga, amene akukhala ndi mayi wa ana awo koma sanalembetse ukwati kulikonse, anafotokoza kuti lamulo la msonkho limawaona awiriwo ngati banja ngati mgwirizano wawo uli wokhazikika, koma limawaika mu out of community of property pokhapokha patakhala umboni wina.

Komabe kwa ofesi imene makasitomala ake ambiri ndi ochokera ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, ndinayembekezera zambiri kuposa kungouzidwa kuti ndikafunse loya. Za lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 mayiyo analibe nalo chidziwitso, ndipo analibenso dzina la loya woti anditumizeko. Chikalata cha msonkho cha MRA nditachiika pa tebulo anachitembenuza kangapo asanadziwe pamene pali nambala ya TPIN ndi pamene pali ndalama zodulidwa, ndipo ntchito yopeza mtengo wosinthira kwacha kukhala randi inagwera mtsikana uja, amene anaimaliza madzulo n'kunditumizira mawa lake. Mtengo umenewu ndi wofunika, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi imene ku Lilongwe imamveka yambiri imasanduka yochepa ikafika mu marandi, ndipo kuchepako ndi kumene kunathetsa funso lachitatu kumbali yanga.

Funso lachitatulo ndi la provisional taxpayer. Munthu wa pa malipiro amene alinso ndi lendi kapena chiwongoladzanja amalowa m'gululi ngati phindu lodulidwa msonkho lochokera ku zinthu zimenezi lapitirira R30,000 pachaka. Titachotsa zimene ndinalipira pokonza denga ndi kupentetsa nyumba, zimene malisiti ake anali m'manja, lendi yanga inatsikira pansi pa malirewo, motero ndinatsala m'gulu la anthu wamba amene tsiku lawo lomaliza linali 20 Okutobala 2025. Nkhani ya alamu anga inali ina. Woyendetsa Bolt kapena Uber ndi wabizinesi m'maso mwa SARS, ndipo ayenera kulemba fomu ya IRP6 kawiri pachaka, pofika kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale, akuyerekeza yekha zimene apeze ndi kulipiriratu, ndipo akaona kuti waperewera atha kuwonjezera pofika kumapeto kwa Sepitembala. Wochedwa kulipira amawonjezeredwa 10 peresenti, ndipo woyerekeza motsika kwambiri amakumananso ndi chilango china cha 20 peresenti. Ubwino wake ndi wakuti ITR12 yawo inali ndi nthawi mpaka 19 Januwale 2026.

Alamuwo anabwera ndi jumbo ya malisiti a petulo, ena atafufutika ndi dzuwa la pa dashibodi moti sankawerengeka. Apa ofesiyi inagwira ntchito yotamandika. Mtsikana uja anawayala pa tebulo mwezi ndi mwezi, nayerekeza ndi sitetimenti ya kubanki ndi lipoti la mlungu ndi mlungu la pa app, ndipo ofufutikawo anawapeza pa sitetimenti pamene khadi linadulidwa pa filling station. Ndalama imene alamu amapereka kwa mwini galimoto Lolemba lililonse, mafuta, data ndi kutsukitsa galimoto zonse zinachotsedwa pa zimene anapeza. Chimene chinakanidwa ndi ndalama zotumiza kumudzi kudzera pa Mukuru. Alamu anga anadandaula kuti, "Achemwali, mayi anga ku Mangochi amadya ndalama imeneyi, si yosewerera ayi." Iye anayankha mofatsa kuti, "Ndikumva, achimwene, nanenso ndimatumiza. Koma lamulo silichotsa zimenezo, ndipo tikazilemba mudzavutika ndinu." Anawapatsanso kabuku kolembamo makilomita a tsiku lililonse, n'kuwauza kuti mapepala onse asungidwe zaka zisanu.

Zina zinayenda mwachangu. Kuchotsera kwa medical aid kunali kutalowa kale: R364 pamwezi kwa ine, R364 kwa mkazi wanga ndi R246 kwa mwana aliyense, zimene kwa banja la anthu anayi zimakwana R1,220 pamwezi. Anandifunsanso ngati ndinatapako ndalama za penshoni pansi pa dongosolo la two-pot limene linayamba pa 1 Sepitembala 2024, chifukwa ndalama zimenezo zimawonjezedwa pa malipiro ndi kudulidwa pa mlingo wapamwamba wa munthuyo, ndipo amene ali ndi ngongole ku SARS amadulidwiratu asanalandire.

Mtengo ndi umene sunandisangalatse, osati chifukwa cha kukula kwake koma chifukwa cha kanenedwe kake. Pa foni anandiuza R900 ya ITR12, ndipo ndinavomera. Fomu itapita, SARS inasankha kuti iunike mapepala anga, zimene zimachitika kawirikawiri munthu akalemba ndalama zochokera kunja, ndipo pamenepo m'pamene ndinauzidwa kuti kutumiza mapepala ounikirawo kuli ndi mtengo wakewake. Akauntanti amene anaona yekha chikalata cha MRA pa tebulo lake ankadziwa kuti zimenezi zikhoza kuchitika, ndipo anayenera kunena pachiyambi. Kwa alamu anga IRP6 iliyonse imalipiridwa payokha, kotero kuti pa chaka amalipira katatu. Ndalamazo ndi zoyenera ntchito yake, koma mitengo yonse iyenera kulembedwa pa pepala limodzi munthu asanasaine.

Kasungidwe ka mapepala nakonso n'kodetsa nkhawa. Pamene tinkadikira, pa tebulo lolandirira alendo panali ma IRP5 a anthu ena ali poyera, mayina, manambala a pasipoti ndi malipiro zikuoneka kwa aliyense wokhala pa mpando. M'dziko limene akuba amalanda akaunti za eFiling ndi kusintha manambala a kubanki kuti ndalama zobwezedwa zipite kwa iwo, ndiponso limene lili ndi lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, zimenezi siziyenera kuchitika mu ofesi ya munthu wolembetsedwa. Nditanena, mapepalawo anachotsedwa nthawi yomweyo ndi mawu opepesa, koma kabati yokhala ndi loko sindinaione. Mu Ogasiti ankayankha mauthenga tsiku lomwelo, koma pofika mu Okutobala, tsiku lomaliza litayandikira, foni inkangolira ndipo nthawi imene munthu wapatsidwa sinkasungidwa, moti m'khonde munkadzaza anthu ngati pa chigayo nthawi yokolola.

Si aliyense amene akufunika ofesi yotereyi. Achemwali athu ogwira ntchito za m'nyumba ndi achimwene a m'magaladeni ku Sandton ndi ku Fourways, amene ambiri amalandira malipiro ochepetsetsa a boma, omwe anali R27.58 pa ola kuyambira Malichi 2024, safika n'komwe pa malire oyambira msonkho pachaka ngakhale atagwira maola 45 mlungu uliwonse, choncho asalole munthu kuwalipiritsa kuti awapezere ndalama zobwezedwa, pakuti msonkho umene sunadulidwe subwezedwa. Amene ali ndi bwana mmodzi, opanda nyumba ya lendi ndiponso opanda bizinesi, angathe kuona okha auto-assessment yawo pa eFiling kapena pa SARS MobiApp kwaulere, ndipo akafuna thandizo atha kupangana tsiku ndi nthambi ya SARS osalipira kanthu. Amene akuyenera kukwera masitepe a ku Randburg ndi amene ali ndi katundu wobweretsa ndalama ku Malawi, amene anakwatirana kunja ndipo agula nyumba muno, oyendetsa magalimoto a pa app, osoka ndi ogulitsa zitenje, komanso amene ali ndi mafomu a zaka zam'mbuyo osalembedwa, popeza chilango cha fomu yosatumizidwa chimayambira pa R250 mpaka R16,000 ndipo chimabwerezedwa mwezi uliwonse.

Kalata ya SARS yotsimikiza msonkho wanga inatuluka kuunika kutatha, popanda chosintha chilichonse pa zimene mayiyo analemba, ndipo ndinapezeka ndi kangongole kochepa chifukwa cha lendi, kamene ndinalipira pa eFiling. Chaka chamawa ndidzapitanso, koma mu Ogasiti, nditanyamula pasipoti, setifiketi ya ukwati, IRP5, zikalata za IT3(b) za kubanki ndi chikalata cha MRA, ndipo ndidzapempha mtengo wa kuunika ulembedwe pamodzi ndi wa fomu tisanayambe. Alamu anga asankha kupitiriza ndi ofesi yomweyo pa IRP6 ya Febuluwale, malinga ngati mtsikana wa ku Mzimba uja adzakhale adakali pomwepo.